Mlonda Wosamva Chinenero: Mbiri ya Kamangidwe ka Makompyuta Osunga Zinsinsi za Boma la America

Mawu Oyamba

M'mwezi wa Epulo chaka cha 2023, apolisi a FBI adamanga mnyamata wa zaka 21, Jack Teixeira, kunyumba kwawo m'chigawo cha Massachusetts ku America. Mnyamatayu adali msilikali wa udindo wotsika m'gulu la Air National Guard, ndipo ntchito yake idali kusamalira makompyuta a pamalo a asilikali otchedwa Otis. Mlandu wake udali wakuti kwa miyezi yambiri ankatumizira anzake pa Discord zinsinsi za boma zokhudza nkhondo ya ku Ukraine ndi nkhani zina. Poyamba ankangokopera mawu a m'zikalata n'kukawalembanso. Kenaka adayamba kusindikiza zikalatazo, kupita nazo kunyumba ndi kuzijambula. Mu Novembala 2024 khoti lidamulamula kukakhala kundende zaka 15.

M'chigawo chomwecho cha Massachusetts, zaka 50 m'mbuyo mwake, akatswiri awiri a masamu a bungwe la MITRE, David Elliott Bell ndi Leonard LaPadula, adalemba malamulo ofuna kuti chinsinsi chimene chalowa mukompyuta chisathe kutsikira kwa munthu wosayenera kuchiona. Teixeira sadathyole loko kapena kupusitsa pulogalamu iliyonse. Adali ndi chilolezo, ndipo kompyuta idamutsekulira monga momwe idalangizidwira.

M'nkhani ino tilondola mbiri ya ntchito yomanga makompyuta osunga zinsinsi za asilikali ndi akazitape a boma la America, kuyambira mu 1967 mpaka masiku athu ano. Tasankha dziko limeneli chifukwa nzeru zambiri zimene maboma ena amatsatira pa nkhaniyi zidabadwira kumeneko, ndipo zolakwa zake zidalembedwa poyera. Mfundo yathu ndi imodzi: amisiri adakwanitsa kupanga mlonda wodziwa kuwerenga chidindo cha pachikalata mosaphonya, koma mlondayo samva zimene chikalatacho chikunena. Paliponse pamene tanthauzo lidafunika, ntchito idabwerera m'manja mwa munthu, ndipo ndi pomwepo pamene zinsinsi zakhala zikutulukira. Ife ophunzira za zinenero sitingadabwe nazo zimenezi, pakuti kusiyana kwa chizindikiro ndi tanthauzo lake ndiwo munda umene timalima tsiku ndi tsiku.

Kuchoka m'kabati kulowa mukompyuta

Dongosolo losunga zinsinsi ndi lakale kuposa kompyuta. Mu 1953 Pulezidenti Dwight Eisenhower adasaina lamulo limene lidasiya milingo itatu ya zinsinsi, imene ikugwirabe ntchito mpaka lero: Confidential, Secret ndi Top Secret. Chikalata chimadindidwa malinga ndi kukula kwa ngozi imene ingagwere dziko chitaululika. Munthu naye amafufuzidwa mbiri yake ndi kupatsidwa chilolezo cha mlingo wakutiwakuti. Chilolezo pachokha sichikwanira, pakuti munthu amayenera kuona zokhazo zimene ntchito yake ikufuna. Zinsinsi zina zimaikidwanso m'timagulu tokhala ndi mayina akeake, kotero kuti anthu awiri a mlingo wa Top Secret akhoza kukhala mu ofesi imodzi, wina osadziwa zimene mnzake akuwerenga.

M'nthawi ya mapepala dongosololi linkayenda ndi kabati yachitsulo, kaundula ndi kalaliki. Kalalikiyo ankadziwa nkhope za anthu, ankatha kuwerenga chikalata n'kuona kuti chidindo chake n'cholakwika, ndiponso ankatha kukayikira munthu wopempha mafayilo makumi asanu tsiku limodzi. Makompyuta oyamba sadasinthe zambiri, chifukwa ankagwira ntchito imodzi pa nthawi imodzi m'chipinda cholonderedwa. Ntchito yachinsinsi ikatha, ankachotsa matepi ndi kufufuta zonse zotsala m'makinamo asadayambe ina. Njirayi idali yodalirika koma yodula, popeza kompyuta imodzi inkagulidwa ndi mamiliyoni a madola.

Zinthu zidasintha mu 1961 pamene Fernando Corbató ndi anzake a pasukulu ya ukachenjede ya MIT adaonetsa njira yoti anthu ambiri azigwiritsa ntchito kompyuta imodzi nthawi yomweyo, aliyense ali pamalo pake. Mafayilo a anthu onsewo ankasungidwa m'makina amodzi, ndipo chowalekanitsa chidali mawu achinsinsi olowera. Pasadapite nthawi, wophunzira wina wa pomwepo, Allan Scherr, adapeza njira yosindikizira fayilo yonse ya mawu achinsinsiwo pofuna kudziwonjezera maola ogwiritsa ntchito kompyutayo. Asilikali adaona phindu la njira yatsopanoyi, koma adaonanso funso lake: kodi makina amodzi angasunge zikalata za milingo yonse itatu, n'kumatumikira anthu a zilolezo zosiyana, popanda chinsinsi kudumpha mpanda?

Malipoti awiri ndi kubadwa kwa mlonda

Funsoli lidakambidwa poyera mu Epulo 1967 pamsonkhano wa akatswiri a makompyuta ku Atlantic City, pamene Willis Ware wa bungwe la RAND ndi Bernard Peters wa bungwe la akazitape la NSA adachenjeza za ngoziyi. Chaka chomwecho unduna wa zachitetezo udakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Ware, ndipo lipoti lake, Security Controls for Computer Systems, lidatuluka mu 1970. Lipotilo nalo lidadindidwa kuti Confidential mpaka mu 1975. Komitiyo idapeza kuti luso la nthawiyo likadatha kuteteza kompyuta ngati onse oigwiritsa ntchito ali ndi chilolezo ndipo ali m'malo olonderedwa, koma silikadatha kutero ngati anthu opanda chilolezo aloledwa kuifikira kudzera m'mawaya osatetezedwa. M'lipotimo mudali chithunzi chosonyeza malo onse amene chinsinsi chingatulukire. Pamodzi ndi mawaya ndi mafunde a magetsi, chithunzicho chidaonetsanso anthu: woyendetsa makina, wokonza makina akawonongeka, ndi wolemba mapulogalamu.

M'zaka zimenezo asilikali ankayesa makompyuta awo potuma magulu a akatswiri, otchedwa tiger teams, kuti ayese kuthyola ngati adani. Maguluwa ankalowa pafupifupi nthawi zonse. Opanga makina ankamata mng'alu umene waoneka, gulu lina n'kubwera kudzapeza wina. Major Roger Schell wa asilikali a m'ndege adaona kuti njirayi ilibe mathero, chifukwa kulephera kupeza mng'alu si umboni wakuti mng'alu palibe. Iye adakankha kafukufuku amene adatsogoleredwa ndi James P. Anderson, ndipo lipoti lake lidatuluka mu Okutobala 1972.

Lipoti la Anderson lidabweretsa ganizo limene lakhala maziko a ntchito yonseyi, lotchedwa reference monitor. M'Chichewa tinganene kuti ndi mlonda wa pakhomo: kachigawo ka pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta kamene kamaima pakati pa wopempha ndi chopemphedwa. Lipotilo lidati mlondayu akhale ndi zinthu zitatu. Pasapezeke wotha kumusintha. Pempho lililonse lizidzera kwa iye popanda njira yachidule. Ndipo akhale wamng'ono kwambiri kuti anthu athe kumusanthula yense ndi kutsimikiza kuti alibe cholakwika. Mfundo yachitatuyi ndiyo idali yatsopano. M'malo mokhulupirira mizere mazana a zikwi ya pulogalamu, wina angokhulupirira phata laling'ono limene waliwerenga lonse. Lipotilo lidafalitsanso dzina lakuti kavalo wa ku Troy, potengera nthano ya Agiriki amene adabisa ankhondo m'mimba mwa kavalo wamtengo. Dzinali limanena pulogalamu yooneka yothandiza koma yobisa ntchito ya mdani m'kati mwake.

Malamulo awiri a Bell ndi LaPadula

Mlonda amafuna malangizo, ndipo amene adawalemba m'chinenero cha masamu ndi Bell ndi LaPadula, kuyambira mu 1973 ku Bedford. Lamulo loyamba likuti munthu asawerenge chikalata cha mlingo woposa chilolezo chake. Limeneli n'lodziwikiratu, ndipo kalaliki wa m'nthawi ya mapepala ankalitsatira kale. Lamulo lachiwiri ndilo lidadabwitsa anthu: amene akuwerenga za mlingo wapamwamba asalembe kanthu m'fayilo ya mlingo wotsika.

Wina angafunse kuti lamuloli n'lothandiza chiyani, popeza mkulu wa asilikali wofuna kuulula chinsinsi akhoza kungochinena pakamwa. Yankho lake n'lakuti lamuloli lidalembedwera mapulogalamu. Mkulu wa asilikali akhoza kukhala wokhulupirika, koma pulogalamu imene akulembera kalata idalembedwa ndi munthu amene iye sadamuonepo. Ngati pulogalamuyo ndi kavalo wa ku Troy, ikhoza kukopera mwakachetechete zimene mkuluyo akuwerenga n'kuziika pamalo pamene kazitape wopanda chilolezo angazipeze. Lamulo lachiwiri limatseka njira imeneyi ngakhale pulogalamuyo ikhale yoipa chotani. Bell ndi LaPadula adasonyeza ndi masamu kuti makina oyamba ali otetezeka, n'kumatsatira malamulowa pa sitepe iliyonse, adzakhalabe otetezeka.

Komatu malamulowa akatsatidwa kotheratu, gulu lankhondo silingayende. Uthenga ungakwere kuchokera kwa msilikali wamba kufika kwa mkulu wake, koma lamulo la mkuluyo silingatsike kufika kwa msilikali. Choncho olemba malamulowo adasiya khomo la ena amene adawatcha odalirika, ololedwa kudutsa lamulo lachiwiri. Pamafunika munthu woti awerenge lipoti la Top Secret, achotsemo mawu oulula kumene nkhaniyo yachokera, n'kulidinda kuti tsopano ndi Secret. Ntchito imeneyi ndi ya tanthauzo. Imafuna womva kuti chiganizo chakuti "mnzathu wa ku unduna uja wanena" chikuloza munthu mmodzi yekha ngakhale dzina silidatchulidwe. Masamu adafika pamenepa n'kuima, kalaliki n'kubwerera pampando wake.

Khomo lobisika mu Multics

Malamulowa adayesedwa pa Multics, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene MIT, General Electric ndi Bell Labs adayamba kupanga m'katikati mwa zaka za m'ma 1960, ndipo pambuyo pake idagulitsidwa ndi kampani ya Honeywell. Multics idamangidwa moganizira chitetezo kuyambira pachiyambi, ndipo asilikali a m'ndege ankafuna kuigwiritsa ntchito ku Pentagon. Schell ndi mnzake Paul Karger adaiyesa, natulutsa lipoti lawo mu 1974. Adapeza ming'alu ingapo, koma chimene chidatchuka kwambiri ndi khomo lobisika limene iwo eni adalowetsa m'pulogalamuyo. Malinga ndi zimene Schell adalemba mu 1979, khomolo lidali laling'ono kotero kuti eni pulogalamu adalephera kulipeza ngakhale adauzidwa kuti lilipo, ndipo popeza lidalowa m'kope lalikulu, kampaniyo idaligawa yokha kwa ogula.

Karger ndi Schell adachenjezanso kuti khomo lotere likhoza kubisidwa mu compiler, pulogalamu yotanthauzira zimene munthu walemba kupita m'chinenero cha makina. Ken Thompson, mmodzi wa amene adapanga Unix, adafotokoza bwino ganizoli m'nkhani yake ya Reflections on Trusting Trust imene idasindikizidwa mu 1984. Iye adasonyeza kuti womasulira wachinyengo akhoza kuika khomo m'pulogalamu iliyonse imene akumasulira, ndiponso kudziikanso yekha m'womasulira watsopano, kotero kuti wowerenga zolemba zoyambirira sapeza chilichonse. Aliyense amene adaimapo m'khoti podalira womasulira akudziwa vutoli: ngati sumva chinenero chinacho, chilungamo chako chili pakamwa pa womasulirayo. Mu Disembala 2020 chenjezoli lidakwaniritsidwa pamene zidadziwika kuti adani adalowetsa khomo lobisika m'pulogalamu ya kampani ya SolarWinds pa nthawi imene inkamangidwa, ndipo kampaniyo idaitumiza yokha kwa makasitomala pafupifupi 18,000, kuphatikizapo maunduna a boma la America.

Pamene chilichonse chingasanduke chinenero

Vuto lina lidatchulidwa ndi Butler Lampson mu 1973. Iye adafunsa ngati n'kotheka kutsekera pulogalamu m'khola kuti isatulutse chilichonse chimene ikudziwa, ndipo adasonyeza kuti pali njira zobisika zimene sizidapangidwire kutumiza uthenga koma zimatha kutero. Tiyerekeze kuti kavalo wa ku Troy ali pamlingo wa Top Secret, ndipo mnzake ali pamlingo wotsika. Mlonda sawalola kulemberana, koma onse awiri akugwiritsa ntchito malo amodzi osungira mafayilo. Wapamwambayo akadzaza malowo, wapansiyo akafuna kusunga kanthu amauzidwa kuti malo atha. Akawasiya opanda kanthu, wapansiyo amasunga bwinobwino. Akagwirizana kuti "malo atha" ndi 1 ndipo "malo alipo" ndi 0, apeza kale alifabeti. Akhoza kuchita chimodzimodzi pochedwetsa kapena kufulumizitsa makina.

Wophunzira za zinenero aona apa mfundo ya Ferdinand de Saussure yakuti chizindikiro chimaima pa kusiyana ndi pa mgwirizano wa ochigwiritsa ntchito. M'Chichewa chathu chomwechi, kukweza kapena kutsitsa liwu pang'ono kumalekanitsa mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika, ngakhale zilembo zake n'zofanana. Anthu awiri ogwirizana akhoza kulankhulana mwa zining'a pamaso pa gulu lonse, kapena mwa kutsokomola chabe. Kusiyana kulikonse kumene wina angakuyambitse, wina n'kukuona, kungasenze uthenga. N'chifukwa chake amisiri adasiya kulonjeza kuti adzatseka njira zonse zobisika, nayamba kungoyeza liwiro lake. Malangizo a boma a m'zaka za m'ma 1980 adati njira yodutsa ma bit oposa 100 pa sekondi ndi yoopsa, ndipo yosafika bit imodzi pa sekondi ndi yopiririka m'malo ambiri. Koma kiyi yotsekulira mauthenga obisika yokhala ndi ma bit 256, itamadontha bit imodzi pa sekondi, ingathe yonse mphindi zisanu zisadakwane.

Palinso vuto la kusonkhanitsa. Chikalata choitanitsa mafuta, china choimitsa tchuthi cha asilikali, ndi china chosungitsa malo padoko, chilichonse pachokha sichinsinsi. Zikaikidwa pamodzi zimanena tsiku limene sitima yankhondo inyamuke. Mu 1966, pa nkhondo ya ku Vietnam, asilikali a America adakhazikitsa gulu lotchedwa Purple Dragon kuti lifufuze momwe adani ankadziwiratu za ndege zoponya mabomba, ndipo gululo lidapeza kuti zambiri zinkadziwika kuchokera ku zizolowezi ndi mauthenga osabisidwa. Mu Januwale 2018 wophunzira wina wa ku Australia adaona kuti mapu a kampani ya Strava, osonyeza kumene anthu amathamangira pochita masewera olimbitsa thupi, ankajambula malire a malo a asilikali ku Syria ndi ku Afghanistan. Palibe chikalata chodindidwa chimene chidabedwa. Tanthauzo lidabadwa pamene tizidutswa tidakumana, ndipo mlonda wowerenga chidindo chimodzi pa nthawi imodzi sangalione.

Mu 1987 John McLean wa ku Naval Research Laboratory adakhudza muzu weniweni wa nkhaniyi. Adayerekeza makina, amene adawatcha System Z, oti munthu akapempha chikalata amayamba atsitsa zidindo zonse kufika pamlingo wotsikitsitsa, kenaka n'kumupatsa. Makina otere sabisa kanthu, komabe McLean adati amakwaniritsa masamu a Bell ndi LaPadula. Bell adayankha kuti zidindo siziyenera kusinthidwa mwa njira yotere, ndipo mtsutso udapitirira. Chimene udasiya poyera n'chakuti masamu amatsimikiza zokhazo zimene mwatanthauzira kuti ndizo chitetezo. Ngati tanthauzolo laperewera, umboni wa masamu umaperewera nalo.

Buku la Orange ndi mphamvu ya msika

Mu 1983 unduna wa zachitetezo udasonkhanitsa nzeru zonsezi m'buku la miyezo lotchedwa Trusted Computer System Evaluation Criteria, limene anthu adangolitcha Orange Book chifukwa cha mtundu wa chikuto chake. Bukuli lidagawa makompyuta m'magulu asanu ndi awiri: D, C1, C2, B1, B2, B3 ndi A1. Kuyambira pa B1 makina ankayenera kusunga zidindo ndi kuzitsata, ndipo pa A1 kamangidwe kake kankayenera kutsimikizidwa ndi masamu. Multics idapatsidwa B2 mu 1985, ndipo makina a SCOMP a Honeywell ndiwo adali oyamba kufika pa A1.

Cholinga chidali chakuti makampani azipikisana popanga makina otetezeka, koma msika udapita kwina. Kuyesa makina kunkatenga zaka, ndipo pofika nthawi yolandira satifiketi makinawo adali atatha kale fasho. Kampani ya Digital Equipment idagwira ntchito pafupifupi zaka khumi pa makina ofuna A1, koma idawasiya mu 1990 isadawagulitse. Boma lenilenilo lidayamba kugula makompyuta wamba a pamsika chifukwa adali otchipa ndi ofulumira. Windows NT idapatsidwa C2 mu 1995, koma pokhapokha ikakhala yosalumikizidwa ndi netiweki iliyonse. Pofika mu 1999 miyezo ya mayiko ambiri ya Common Criteria idali itayamba kulowa m'malo, ndipo kompyuta yomaliza ya Multics idazimitsidwa mu Okutobala 2000 ku Halifax, m'manja mwa asilikali a ku Canada.

Popeza makina amodzi otumikira milingo yonse adakanika, boma lidabwerera ku nzeru ya kabati, koma ulendo uno makabati ake adali manetiweki: NIPRNet ya zosadindidwa, SIPRNet ya Secret, ndi JWICS ya Top Secret. Iliyonse idapatsidwa mawaya akeake, ndipo wogwira ntchito mmodzi ankatha kukhala ndi makompyuta atatu patebulo. Pomwe uthenga ukufunika kukwera, adaika zipangizo zolola kuti uziyenda mbali imodzi yokha. Koma mpata wa pakati pa manetiweki unkadutsidwa ndi munthu wonyamula kachipangizo m'thumba. Mu 2008 flash disk yokhala ndi pulogalamu yoipa yotchedwa agent.btz idalowetsedwa mukompyuta pamalo ena a asilikali ku Middle East, ndipo pulogalamuyo idafalikira mpaka m'manetiweki achinsinsi. Kuyeretsa kudatenga miyezi pafupifupi 14.

Kubisa kapena kugawana

Chinsinsi chosungidwa mopitirira muyeso chili ndi ngozi yakenso. Mu 1997 komiti yotsogozedwa ndi Seneta Daniel Patrick Moynihan idati boma limadinda zikalata zambiri kuposa zofunika, ndipo zimenezi zimafooketsa chitetezo cha zinsinsi zenizeni. Zigawenga zitaphulitsa nyumba ku New York ndi ku Washington pa 11 Seputembala 2001, komiti yofufuza idanena mu 2004 kuti mabungwe a akazitape adali ndi tizidutswa ta chenjezo koma sadagawane. Idalangiza kuti chizolowezi chobisirana chisinthe, chikhale chogawana. Taonani kuti kusonkhanitsa tizidutswa, kumene amisiri ankakuopa m'manja mwa mdani, n'kumenenso boma lidalephera kuchita pa lokha.

Mipanda idatsitsidwa. Makalata a akazembe a America adaikidwa pa SIPRNet kuti asilikali aziwaona. Pofika mu Okutobala 2010, anthu oposa 4 miliyoni adali ndi chilolezo cha mlingo wina wa zinsinsi. M'chaka chimenecho msilikali wachinyamata wa pamalo ena pafupi ndi Baghdad, amene tsopano amadziwika kuti Chelsea Manning, adakopera pa ma CD makalata a akazembe oposa 250,000 ndi malipoti a nkhondo, n'kuwapereka ku WikiLeaks. Mlonda wa m'makina adaona chilolezo choyenera pa pempho lililonse. Kalaliki wakale akadafunsa kuti msilikali wa ku Iraq akufuna chiyani ndi makalata a ku Harare.

Zotsatira zake zidafika kwathu kuno. Mu Disembala 2010 loya wamkulu wa boma la Zimbabwe, Johannes Tomana, adalengeza kuti afufuza ngati padali mlandu woukira boma m'zokambirana za Nduna Yaikulu Morgan Tsvangirai ndi akazembe, zimene zidaululika m'makalatawo. Ku Malawi, kalata ina, iyi ya boma la Britain, idasonyeza kulemera kwa chikalata chimodzi chotuluka m'khola. Mu Epulo 2011 boma lidapitikitsa kazembe Fergus Cochrane-Dyet nyuzipepala ya Weekend Nation itasindikiza uthenga wake wopita ku London, momwe adati Pulezidenti Bingu wa Mutharika akunka nakhwimitsa ulamuliro ndipo safuna kudzudzulidwa. Britain idabwezera pochotsa woimira Malawi, ndipo mu Julayi chaka chomwecho idaimitsa thandizo la ndalama zoyendetsera boma, potchula nkhawa zake pa chuma ndi ulamuliro. Mawu olembedwera makutu a anthu ochepa amasintha mphamvu akamvedwa ndi dziko lonse, ngakhale chilembo chimodzi chisasinthe.

Mu 2013 Edward Snowden, wosamalira makompyuta a NSA ku Hawaii, adatuluka ndi zikalata zambirimbiri zosonyeza momwe bungwelo linkatolera mauthenga a anthu wamba. Iyeyu adali mmodzi wa odalirika aja amene masamu adawasiyira khomo, pakuti wokonza makina sangawakonze popanda makiyi ake. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mkulu wa NSA wa nthawiyo, Keith Alexander, adalengeza kuti ntchito zina zizichitidwa ndi anthu awiri pamodzi ndiponso kuti osamalira makina achepetsedwe kwambiri. Ena amati Manning ndi Snowden adaulula zoipa zimene anthu ankayenera kudziwa, ena amati adapereka dziko lawo. Mtsutsowo sitiuthetsa pano, koma tione kuti makina sangauthetsenso. Chidindo chimodzimodzi chimaphimba dzina la kazitape amene moyo wake uli pangozi ndi chikalata chongobisa manyazi a boma. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna womva chinenero ndi wodziwa kuweruza.

Mawu Omaliza

Tingalakwe titanena kuti ntchito ya Ware, Anderson, Bell ndi LaPadula idapita pachabe. Mu 2000 NSA idatulutsa poyera SELinux, imene imaika mlonda wotsata zidindo m'kati mwa Linux, ndipo nzeru imeneyi idalowa m'mafoni a Android amene ambiri a ife timayenda nawo. Mu 2009 akatswiri a ku Australia otsogozedwa ndi Gerwin Klein adatsimikiza ndi masamu phata lotchedwa seL4, la mizere pafupifupi 8,700, ndipo potero adachita zimene Anderson adapempha mu 1972. Mu Novembala 2022 Pentagon idalengeza ndondomeko ya zero trust, yofuna kuti pempho lililonse liziyesedwa palokha ngakhale wopemphayo ali kale m'kati mwa mpanda, ndipo idadziikira chaka cha 2027 kuti ikhale itaikwaniritsa. Pempho lililonse kudzera kwa mlonda: iyi ndi mfundo yachiwiri ya Anderson yovala dzina latsopano. Patangopita miyezi isanu chilengezereni ndondomekoyo, Teixeira adamangidwa.

Maboma a m'chigawo chathu chino akusamutsa makabati awo kulowa m'makompyuta, ndipo nthawi zambiri makina ake ndi ogula kunja, omangidwa ndi anthu amene sitidzawaona. A Malawi adaona mu 2013, pa nkhani ya Cashgate, momwe anthu okhala ndi makiyi ovomerezeka adatulutsira ndalama za boma kudzera mu IFMIS n'kufufuta umboni wake. Mbiri imene talondolayi ikutiphunzitsa kufunsa mafunso amene wogulitsa makina sayankha. Ndani amadinda chikalata, ndipo ndani angamutsutse? Ndi anthu angati amene ali ndi makiyi onse, ndipo amawayang'anira ndani? Wogwira ntchito akaona choipa, ali ndi khomo lovomerezeka lokanenera, kapena khomo lake ndi nyuzipepala basi? Mafunso amenewa ndi a malamulo, a maphunziro ndi a chikhalidwe cha pantchito, ndipo ophunzira za zinenero, za mbiri ndi za malamulo ali ndi gawo lawo powayankha. Chithunzi cha m'lipoti la Ware cha mu 1970 chidajambula kale woyendetsa makina, wokonza makina ndi wolemba mapulogalamu ataima pambali pa kompyuta. Makina asintha kambirimbiri chiyambire nthawiyo, koma anthu atatuwo akadali pomwepo.